Rediyeta Yaikulu ndi Kuyenda kwa Madzi mu Kompyuta: Mafunso ndi Mayankho

Kompyuta yamphamvu ya masiku ano imatulutsa kutentha koopsa. Khadi la zithunzi la GeForce RTX 5090, limene Nvidia inatulutsa mu Januwale 2025, limatha kudya mawati 575 a magetsi, ndipo purosesa ya Intel Core i9-14900K ikathinidwa ndi ntchito imafika mawati 253. Magetsi onsewa amasanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka m'bokosi. Ena amakutulutsa ndi madzi. Pampu imakankha madzi kudutsa m'kachitsulo kokhala pamwamba pa purosesa, kotchedwa block, madziwo n'kupita ku rediyeta kumene mafani amawaziziritsa, kenako n'kubwereranso. Amene rediyeta ya m'bokosi siiwakwana amagula chirediyeta choika panja, chotalika pafupifupi theka la mita mbali zonse. Apa m'pamene pamabuka mantha akuti pampu igonja pokankha madzi m'chinthu chachikulu chonchi. Manthawo ali ndi pogwira, koma kawirikawiri amaloza chala pamalo olakwika.

Tikamati rediyeta yaikulu, tikunena yaikulu motani?

Marediyeta a kompyuta amatchulidwa potengera mafani amene amakwanapo. Ya 360 imalandira mafani atatu a mamilimita 120, ya 420 atatu a mamilimita 140, ya 480 anayi a mamilimita 120. Amenewa amalowa m'bokosi. Oika panja ndi gulu lina. Kampani ya Watercool ya ku Germany inapanga MO-RA3 360, imene imatenga mafani asanu ndi anayi a mamilimita 120, atatu m'litali atatu m'lifupi, ndi MO-RA3 420 ya mafani asanu ndi anayi a mamilimita 140. Alphacool ya mumzinda wa Braunschweig ili ndi NexXxoS Nova 1080 ndi SuperNova 1260, zofanana kukula ndi zimenezi.

Malo amene mpweya umadutsa pa rediyeta wamba ya 360 ndi masikweya sentimita 432. Pa ya mafani asanu ndi anayi a 120 ndi 1,296, pa ya 140 ndi 1,764. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, zinthu zotere zisanabwere pamsika, okonda ntchitoyi ankatola timarediyeta ta hita ya galimoto, n'kukankha madzi ndi mapampu a m'matanki oweteramo nsomba, monga a Eheim.

Kodi kupinga madzi kumene tikunenaku kumayezedwa bwanji?

Amayeza presha pamene madzi akulowera ndi pamene akutulukira. Kusiyana kwake ndiyo mphamvu imene chinthucho chadya. Ena amalemba m'mamita a madzi, ena mu bar, Aamerika mu psi. Mita imodzi ya madzi ndi pafupifupi bar 0.1, kapena psi 1.4.

Chofunika kugwira n'chakuti kupinga kulibe nambala imodzi yokhazikika. Kumakula madzi akamathamanga. M'malo okhota, m'zolumikizira ndi m'ma block, mukachulukitsa madzi kawiri, presha yotayika imakwera pafupifupi kanayi. M'timapaipi tating'ono momwe madzi akuyenda mwabata, imakwera kawiri kokha, koma m'menemo kukula kwa bowo ndiko kumalamula. Injiniya wa ku Germany Gotthilf Hagen ndi dokotala wa ku France Jean Poiseuille, amene ankafufuza kayendedwe ka magazi, anapeza aliyense payekha cha m'ma 1840 kuti paipi yozungulira ikachepa m'mimba mwake ndi theka, pamafunika presha yochuluka ka 16 kuti madzi omwewo adutse. Choncho wina akakuuzani kuti rediyeta yakutiyakuti imapinga kwambiri, mufunseni kuti pa malita angati pa ola.

Ndiye rediyeta yaikulu imapinga kuposa yaing'ono?

Osati chifukwa cha kukula kwake. Chimene chimalamula ndi mmene njira za madzi anazikonzera m'kati.

Aliyense amene anathirirapo dimba amadziwa kuti madzi a ngalande imodzi akagawikana m'tingalande khumi, amayenda mofatsa m'kalikonse, osakokolola dothi. M'rediyeta n'chimodzimodzi. Yawamba ili ndi timapaipi tophwatalala tondandalikana. Madzi amalowa m'kachipinda ka kumutu, n'kugawikana m'theka la timapaipito kupita kumapeto, kenako n'kubwerera kudzera m'theka linalo. Tiyerekeze kuti timapaipi tilipo 12, topita 6 tobwerera 6, ndipo madzi akuyenda malita 120 pa ola. Kapaipi kalikonse kanyamula malita 20. Tsopano tengani rediyeta yotalika chimodzimodzi koma yaikulu katatu m'lifupi: topita 18, tobwerera 18. Kalikonse kanyamula malita osakwana 7, ndipo ulendo wake sunatalike ayi. Rediyeta yaikuluyo ipinga pang'ono kuposa yaing'onoyo.

Kutalika ndiko kumawonjezera kupinga. Ya 480 imapinga kuposa ya 240 ya mtundu womwewo chifukwa madzi amayenda mtunda wowirikiza m'timapaipi tomweto. Kupyapyala nakonso kumapinga: amene amayeza marediyeta akhala akupeza kuti Black Ice Nemesis GTS ya kampani ya Hardware Labs, yochindikala mamilimita 30 okha, imapinga kuposa mnzake SR2 wa mamilimita 60, poti timapaipi take n'tothina. Palinso mtundu wotchedwa X-Flow, umene madzi amalowera kumutu n'kutulukira kumapeto osabwerera. Timapaipi tonse timagawana katundu nthawi imodzi ndipo ulendo umafupika ndi theka.

MO-RA3 anaipanga mosiyana. M'malo mwa timapaipi tophwatalala, ili ndi mapaipi ozungulira a kopa obowoleza m'timasamba ta aluminiyamu. MO-RA3 360 ili ndi mapaipi 72, amene mukawalumikiza onse afika mamita pafupifupi 28. Nambala imeneyi ndi imene imaopsa anthu. Koma madzi sayenda mamita onsewo: amagawikana njira zinayi, iliyonse ya mamita pafupifupi 7, ndipo mapaipiwo ndi otakasuka. Imapinga ndithu, ndipo tisanamizane kuti siimveka, koma pampu imodzi yabwino imaikwanitsa m'makompyuta ambiri.

Nanga chimene chimadya mphamvu ya pampu kwenikweni n'chiyani?

Ma block. M'kati mwa block ya purosesa muli timizere tating'onoting'ono tosemedwa pa kopa, totalikirana pang'ono kwambiri moti mpata wake sufika theka la milimita. Pamwamba pake pali kachitsulo kong'ambidwa pakati, kamene kamafinya madzi kuti agwere pa timizereto mwamphamvu. Kupinga kumeneku n'kwadala, ndipo ndiko kumachititsa kuti block ichotse kutentha bwino. Block ya khadi la zithunzi imachitanso zomwezo.

Koma amene amaika rediyeta panja ali ndi mdani wina amene samuwerengera. Kuti athe kunyamula kompyuta osakhuthula madzi, amaika zolumikizira zodzitseka zokha, monga Koolance QD3 kapena za kampani ya CPC. M'kati mwake muli kavalavu ka sipuling'i, ndipo madzi amachita kukazungulira. Zimafunika ziwiri, cha paipi yopita ndi cha yobwerera, ena amaika zinayi. Onjezanipo mamita angapo a paipi, zolumikizira zokhota zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, sefa ndi mita yoyezera madzi. Chilichonse pachokha n'chaching'ono, koma zonse zili pa mzere umodzi, ndipo kupinga kwake kumaphatikizana. Munthu akaona madzi achepa ataika rediyeta yaikulu, mlandu amaupereka kwa rediyeta, chonsecho theka la vutolo lili pa zimene anagula kuti ailumikize.

Madzi ayenera kuyenda ochuluka bwanji?

Ku America kuli mwambo wakale wonena galoni imodzi pa mphindi, kumene kuli malita pafupifupi 227 pa ola. Ku Germany ambiri amakhutira ndi malita 60 pa ola. Kusiyana kwakukulu chonchi kukusonyeza kale kuti nkhaniyi ili ndi mpata waukulu.

Masamu ake ndi osavuta. Kuti lita imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi pamafunika majulo pafupifupi 4,186. Choncho malita 60 pa ola amanyamula mawati pafupifupi 70 pa digiri iliyonse imene akwera. Kompyuta ikamatulutsa mawati 500, madzi otuluka m'ma block akhala otentha ndi madigiri 7.2 kuposa olowa. Pa malita 120 kusiyanako kutsika kufika 3.6, pa malita 240 kufika 1.8. Taonani mmene phindu likucheperachepera. Kuchoka pa 60 kufika 120 mwapulumutsa madigiri 3.6. Kuchoka pa 120 kufika 240 mwapulumutsa 1.8 okha, koma pampu yafunika kukankha mwamphamvu pafupifupi kanayi, ikulira, ndipo kutentha kwake komwe ikukuthira m'madzi momwemo.

Pa rediyeta yaikulu, komabe, nambala ya 60 ija ndimaikayikira. Rediyeta ngakhale ikule chotani, singaziziritse madzi kupyola kuzizira kwa mpweya wa m'chipinda. Ikachita bwino kotheratu, madzi amatuluka ofanana ndi mpweyawo. Ndiye ngati kompyuta ikutulutsa mawati 800 ndipo madzi akuyenda malita 60 pa ola, madzi olowa m'rediyeta sangalephere kutentha ndi madigiri oposa 11 pamwamba pa mpweya, ngakhale mutagula marediyeta atatu. Malire amenewo aikidwa ndi madzi, osati ndi chitsulo. Pa malita 150 malirewo amatsika kufika madigiri 4.6. Rediyeta yaing'ono siifika n'komwe pamalire amenewa, chifukwa mpweya umayamba kuiperewera. Yaikulu ndiyo imafika. Choncho rediyeta yaikulu siitsamwitsa madzi kwenikweni, koma imafuna madzi ochulukirapo kuti ndalama zimene mwalipira zioneke.

Ena amati madzi aziyenda pang'onopang'ono kuti apeze nthawi yozizira m'rediyeta. Si zoona?

Maganizo amenewa safa, ndipo chifukwa chake n'chakuti ali ndi kachidutswa ka choonadi. Mukachepetsa pampu n'kuyeza madzi otuluka m'rediyeta, mupezadi kuti azizirapo. Munthu amaona nambala imeneyo n'kukhutira.

Chimene sanayeze ndi mbali inayo. Madziwo akuzungulira, ndipo akachedwa m'rediyeta achedwanso m'block. Tiyerekeze kuti mpweya uli pa madigiri 25 ndipo rediyeta ikufuna madzi a madigiri 35 pakatikati kuti itaye mawati 500. Pa malita 240 madzi alowa ali 35.9, atuluka ali 34.1. Pa malita 60 alowa ali 38.6, atuluka ali 31.4. Chiwalo choyamba kulandira madzi chapeza ozizirapo, chomaliza chapeza otentha. Pakatikati sipanasinthe.

Ndipo kunena kuti sipanasinthe n'kuwakomera mtima madzi ochedwawo. Mu 1883 Osborne Reynolds, ku Manchester, anathira utoto m'madzi oyenda m'paipi yagalasi. Madzi akamayenda mofatsa, utoto unkayenda ngati kaulusi kowongoka osasakanikirana. Akathamanga, kaulusiko kankabalalika madzi onse n'kuda. Madzi oyenda mwabata amasiya kagawo kosasuntha kwenikweni kokakamira kukhoma la paipi, ndipo kutentha kumavutika kudutsa kagawo kameneko. Madzi ovunduka amakapyapyalitsa. Izi zimakhudza rediyeta pang'ono, koma block zimaikhudza kwambiri, poti kutentha konse kumadutsa pa malo aang'ono zedi. Madzi akachepa, purosesa imatentha ngakhale madzi oilowera atazizirapo.

Ngati madzi akuyenda mokwanira, n'chiyani chimapangitsa rediyeta yaikulu kupambana?

Mpweya. Lita imodzi ya madzi imasunga kutentha kochuluka pafupifupi ka 3,500 kuposa lita imodzi ya mpweya, choncho mbali ya mpweya ndiyo yofooka. Kuti mawati 500 achoke mpweya utakwera madigiri 10, pamafunika makiyubiki mita pafupifupi 150 a mpweya pa ola. Mukafuna kuti ukwere madigiri 5 okha, pafunika 300. Kukankha mpweya wochuluka chonchi pa kabowo ka mafani atatu ndiye kuwathamangitsa mpaka m'nyumba musamvekenso mawu.

Apa m'pamene pali phindu lenileni la chirediyeta. Fani ikatsika liwiro ndi theka, mpweya wake umatsika ndi theka, koma phokoso limatsika ndi madesibelo pafupifupi 15. Kuchulukitsa mafani katatu kumawonjezera madesibelo pafupifupi 5 okha. Ndiye mafani asanu ndi anayi oyenda pa theka la liwiro amakankha mpweya woposa wa mafani atatu othamanga kotheratu ndi theka lina, pamene phokoso lawo n'lotsika ndi madesibelo pafupifupi 10, kumene khutu limakumva ngati theka. Ambiri amene amagula MO-RA sakusaka digiri imodzi yomaliza ayi. Akufuna kugwira ntchito usiku m'chipinda chopanda phokoso.

Yochindikala ndi yotambalala, yabwino ndi iti?

Yotambalala, ngati malo alipo. Mpweya ukamadutsa m'rediyeta yochindikala umakhala utatentha kale pofika kumbuyo, motero gawo lakumbuyolo limagwira ntchito yochepa. Alphacool ili ndi ST30, XT45, UT60 ndi Monsta yochindikala kuposa mamilimita 80, koma Monsta siichotsa kutentha kowirikiza kawiri XT45, ndipo imafuna mafani amphamvu kapena mafani mbali zonse ziwiri. Kuthithikana kwa timasamba n'chimodzimodzi: tothithikana timafuna mafani othamanga, totalikirana timagwirizana ndi mafani ofatsa ndipo sititsekeka msanga ndi fumbi.

Pampu imodzi ikwana, kapena pafunika ziwiri?

Mapampu awiri ndiwo alamulira ntchitoyi kwa zaka zambiri, D5 ndi DDC. Onse anachokera ku kampani ya Laing ya ku Germany, imene tsopano ili pansi pa Xylem. Pa katoni ya D5 amalemba malita 1,500 pa ola ndi mamita pafupifupi 3.9. Pa DDC 3.2 amalemba malita 1,000 ndi mamita 5.2. Manambala awiriwa sachitika nthawi imodzi. Malita 1,500 ndi pamene palibe chopinga chilichonse, mamita 3.9 ndi pamene madzi aima. Kompyuta yeniyeni imagwera pakati, ndipo kawirikawiri pa malita ochepa kwambiri poyerekeza ndi a pa katoniyo. DDC imalimba pamene zopinga zachuluka, koma imatentha ndipo kulira kwake n'kosongoka. D5 imaziziritsidwa ndi madzi omwewo ndipo imamveka pang'ono.

Mapampu awiri oikidwa motsatizana amawirikiza mphamvu yokankha, koma madzi sawirikiza. Poti kupinga kumakula mofulumira kuposa liwiro, madzi amakwera ndi gawo losafika theka. Phindu lake lalikulu lili pena: onse awiri mukhoza kuwayendetsa mofatsa, ndipo imodzi ikafa inayo imapitiriza.

Za kutalika kwa malo musade nazo nkhawa. Rediyeta ikakhala pansi kompyuta pa tebulo, kapena rediyeta pamwamba pa kabati, pampu siimva kusiyana mapaipi akadzaza, chifukwa madzi otsika amakoka okwera. Kutalikako kumavuta tsiku lothira madzi lokha.

Marediyeta awiri alumikizidwe motsatizana kapena agawane madzi?

Motsatizana, nthawi zambiri. Kugawana kumachepetsa kupinga, koma madzi amathamangira njira yosavuta. Marediyetawo akasiyana, kapena imodzi ikakhala ndi mpweya m'kati, inayo imatenga madzi ambiri mwiniwake osadziwa. Kugawana kumayenera pamene ali ofanana ndendende ndipo pampu ili ndi madzi okwanira onse awiri.

Kodi rediyeta yaikulu ingathandize kumalo otentha?

Imathandiza, koma poyambira pake ndi mpweya wa m'chipinda. Rediyeta yosunga madzi madigiri 5 pamwamba pa mpweya ipereka madzi a 25 m'chipinda cha madigiri 20. Ku Chikwawa kapena ku Nsanje mu Okutobala, chipinda chikafika madigiri 38, rediyeta yomweyo ipereka madzi a 43. Kumalo otere kukula kwa rediyeta kumasiya kukhala nkhani ya phokoso lokha, chifukwa yaing'ono yowonjezera madigiri 15 ifikitsa madzi pa 53, kufupi ndi malire a madigiri 60 amene amalembedwa pa D5. Kumbukiraninso kuti mawati 800 aja sasowa, amalowa m'chipinda momwe mwakhalamo, n'kukweza mpweya womwe rediyeta ikudalira. Ubwino wa rediyeta yapanja ndi wakuti ikhoza kukhala pafupi ndi windo kapena m'chipinda china.

Poyamba madzi ankayenda bwino, tsopano achepa. Ndiyambire pati?

Ngati mwangomaliza kumanga, yambani ndi mpweya wotsekeredwa. Rediyeta yaikulu ili ndi ngodya zambiri zobisalamo mpweya, ndipo poti madzi amayenda mofatsa m'kapaipi kalikonse, alibe mphamvu youkankha. Timapaipi tina timakhala touma, rediyeta n'kumagwira ntchito ndi gawo chabe. Yendetsani pampu pa liwiro lonse, pendeketsani rediyeta uku ndi uku, zimitsani ndi kuyatsa kangapo, ndipo muzimva kukhuluma kwa mpweya ukupita m'kathanki kosungira madzi. Zimatha kutenga masiku angapo.

Ngati kuchepako kwabwera pang'onopang'ono, tsegulani block ya purosesa. Marediyeta owotcherera amabwera ndi zotsalira za mankhwala owotcherera ndi tizidutswa tachitsulo, ndipo yaikulu imakhala ndi zambiri. Amene sanaitsuke ndi madzi ofunda asanaiike amakazipeza zitaunjikana pa timizere ta block, pomwe mpata ndi wothina kuposa pena paliponse. Madzi opaka utoto wokhuthala amasiyanso matope pamalo omwewo, ndipo mapaipi ena ofewa a PVC amatulutsa zoyera zomata. Mankhwala a glycol akachuluka amalemetsa madzi, makamaka kukazizira, poti ngakhale madzi enieni ndi olemera kuyenda pa madigiri 20 kuposa pa 40.

Onaninso zitsulo zimene zikukhudza madzi. Aluminiyamu ndi kopa zikakumana m'madzi amodzi, aluminiyamu imadyeka, ndipo zodyekazo zimatseka timipata. Timasamba ta aluminiyamu ta MO-RA3 tilibe vutoli chifukwa tili kunja kwa mapaipi, sitikhudza madzi. Koma rediyeta yotchipa ya aluminiyamu yokhayokha, kapena ya galimoto imene wina watola kuti apulumutse ndalama, ikalumikizidwa ndi block ya kopa popanda mankhwala oteteza kudyeka, idzatseka timizere ta block, ndipo pakapita nthawi ikhoza kuyamba kudontha.